Ndinaima ndi Wailesi Pamutu Pakati pa Mabomba

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Sindinamve bwino kumbuyoko, ndati mtendere ukhale nanu! Ameni. Ndikufuna kuchitira umboni, koma mundipirire, chifukwa nkhaniyi ndikangoiyamba ndimamva ngati ndidakali komweko. Abusa, ndikakhala pansi nkhani ili pakati musadabwe.

Ambiri a inu mumandidziwa. Tinathawira limodzi ku Malawi nthawi ya nkhondo, tinabwerera limodzi, tinamanga limodzi kuno ku Zóbuè kufupi ndi msewu. Mumadziwanso kuti ine ndine munthu wosafuna kutsalira. Amayi a kwaya mukuseka, sekani, ndikuvomera. Mnzanga akagula poto watsopano ine mtima umandiwawa mpaka nanenso ndigule. Tchimo langa ndi limenelo, ndipo linatsala pang'ono kundipha.

Bambo a kunyumba amagwira ntchito ya malasha ku Moatize. Kumayambiriro kwa Novemburu ndinapita kukawaona. Natale, Khrisimasi ija, inali idakali kutali, koma m'maloja, m'masitolo muja, anali atapachika kale mapepala akuti promosau, kutanthauza kuti atsitsa mitengo. Loja ina pafupi ndi msika inali itayala panja mawailesi, matochi, mawotchi, chilichonse chonyezimira. Mwini lojayo akufuula: “Gulani lero, mayi! Dezemburu ikafika zonsezi zikwera, ndipo anthu a malasha akalandira simudzapeza kanthu!”

Pakati pa zonsezo panali gravadoro, wailesi ya makaseti ija, yaikulu, ya zokuzira mawu ziwiri. Inali ikuimba. Abale, mtima wanga unachoka. Wailesi yathu yakale tinaisiya pa tebulo tsiku limene tinathawa, ndipo chibwerereni m'nyumba mwanga munali zii. Ndili chiimire pa lojapo ndinaona kale Natale pakhomo panga, bwalo litadzaza, anthu akuti, “Kodi nyimbozi zikumveka kwa yani?”

Bambo a kunyumba anati, “Tigule, koma isiye kuno. Ndidzabwera nayo ndekha pa Natale.” Ine ayi. Ndimafuna ifike kumudzi anzanga asanagule zawo. Titagula ndinapempha resibu, lisiti lija, mwini loja anaseka: “Pa mtengo umenewu mukufunanso pepala? Kabuku kanatha, mayi.” Sindinalabadire, maso anali pa bokosi.

M'mawa mwake ndinamanga zonse mu kapulana mmodzi, chitenje chija: bokosi la wailesi, mapilya ake, mabatire aja, shuga, mchere, sopo, nsomba zouma. Mtolo unalemera moti anachita kunditwika anthu awiri. Ndinakwera chapa, minibasi ya ku Zóbuè, mtolo pamiyendo, manja ataukumbatira.

Tili m'njira, mayi wina amene anakhala pambali panga anagogoda bokosi ndi chala. “Yatsopano?” Ndinati eya. “Resibu muli nayo?” Ndinati ayi. Anagwira pakamwa. “Eee mayi, polowa mu Zóbuè amafunsatu. Katundu wopanda pepala amati ndi wozembetsa, amatsala pomwepo.” Abale, pambuyo pake ndinamva kuti tsikulo palibe amene anafunsidwa kanthu, galimoto inangodutsa. Koma ine mantha anali atandilowa kale, mantha a wailesi.

Titayandikira, ndinauza wotolera ndalama kuti anditsitse pa kamlatho kaja musanayambe chitunda. Pamenepo pali njira yakale yozungulira kuseri kwa phiri, yodutsa pa bwinja la makolo anga n'kudzatulukira kumunsi kwa mudzi uno. Ndinaiyenda njira imeneyo kuyambira ndili mtsikana, popita kuchigayo, koma chibwerereni kuchokera ku Malawi ndinali ndisanaipondemo. Anthu awiri ananditwika, galimoto inapita, ine ndinakhota.

Tonsefe pobwerera anatichenjeza, si choncho? Anati musayende njira imene simukuonamo mapazi a anthu. Anatisonyeza miyala yopakidwa utoto wofiira ndi chikwangwani cha chigaza. Ndinali pomwepo, ndinavomera nawo. Koma tsikulo ndinangoti, kwathu n'kwathu, ndingasochere pakhomo pa mayi anga? Ndipo amayi anzanga mukudziwa, ukasenza katundu wolemera suyang'ana pansi, khosi limauma, maso amangoona kutsogolo. Chikwangwani chinalipo, chitagwa m'mphepete mwa njira. Ndinachidutsa osachiona.

Tchire linali litapsa mwezi wathawo, ndipo mvula inali itagwa m'mamawa, pansi ponse phulusa lonyowa. Dzuwa lili pamutu ndinafika pa bwinja. Ndinaterereka pa bango lowola logwa mumtengo wa mango, ndinadzigwira, ndinapitirira. Kenaka ndinaona mitengo ya mango imene anabzala bambo anga. Yodzaza, abale, nthambi zitawerama, mango akupsa, ena atagwa pansi akuwola milumilu. Ndinayamba kusangalala, kenaka ndinadabwa. Mango kupsa chonchi pafupi ndi mudzi, popanda amene akuthyola? Popanda ngakhale mwala umodzi wogendera? Kunalibe mbuzi, kunalibe phazi la munthu, kunalibe chilichonse.

Ndipamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga. “Mayi! Imani pomwepo! Musasunthe phazi!”

Ndinauma. Mwendo wamanja unali kutsogolo, wamanzere kumbuyo, ndinauma momwemo.

“Musatembenuke! Muli pakati pa mabomba okwirira! Mwandimva?”

Ndinangoti, “Yesu.” Ndinati, “Yesu, Yesu, Yesu.”

Munthuyo sindimamuona, ndimangomva mawu ake. Anali a Zuze, bambo wina amene amalima kutsidya kwa kamtsinje, ena mumawadziwa, amayenda ndi ndodo chifukwa mwendo umodzi alibe. Anandiona ndikukhota ali kumunda, anandithamangira ndi ndodo yawo mpaka pa chulu chimene chili pamalire.

Ndinafuula kuti, “Bambo, nditule katunduyu!” Anati, “Ayi! Mutulira pati? Mukudziwa chimene chili pansi pamenepo?” Ndinati, “Ndiponye kutali!” Anati, “Mukaponya, akagwera pa bomba, tonse tathera pano.” Ndipo inu mukudziwa, mtolo wolemera sungautule wekha osasuntha phazi. Wailesi ija ndinaikakamira ku Moatize tsopano inandikakamira ine. Kutula sindingathe, kuponya sindingathe, kuyang'ana pansi sindingathe.

Abale, ndinaopa. Nkhondo ndinaiona, mfuti ndinazimva, koma nthawi imeneyo timathawa, miyendo inali ndi chochita. Apa panalibe kothawira. Thukuta limalowa m'maso, nyerere zimakwera m'miyendo, ine osatha kuzisasa. Mwendo wakumbuyo unayamba kunjenjemera wokha, ndimauuza kuti khala bata, sumamva. Abusa mundikhululukire, ndilankhula zoona pamaso pa mpingo: ndinadzikodzera chiimire. Ndinaganiza za ana anga atatu. Ndinati, adzawauza chiyani? Kuti mayi anu anapulumuka nkhondo yonse n'kudzafera wailesi?

A Zuze anati, “Mverani, mayi. Mvula yakuthandizani, mapazi anu akuoneka m'phulusamu. Mubwerera chammbuyo, phazi lililonse mmene linaponda. Koma pano sindikuona bwino, ndikubwera pafupi.”

Ndinati, “Bambo, musabwere!”

Anati, “Khalani chete, mukundisokoneza.”

Ndinamva akubwera. Ndodo, phazi. Ndodo, phazi. Pang'onopang'ono. Pambuyo pake anandifotokozera kuti phazi lawo amaliika mmene ndinaponda ndi mwendo wamanja, ndodo mmene ndinaponda ndi wamanzere. Nthawi iliyonse ndodo ikagunda pansi ine ndimatsinzina, kudikira kuphulika. Anafika chapafupi, ndimamva akupuma. Anati, “Ine ndatsala ndi umodzi wokha, ndiye mundimvere bwino, musandiwonongere.”

Tinayamba. “Kwezani mwendo wamanja. Kumbuyo. Kumbuyobe. Chakumanzere pang'ono. Ayi, mwapitirira! Bwererani. Pamenepo. Tsitsani zala poyamba. Pondani.”

Ndinaponda. Palibe chinachitika. Ndinalira ngati mwana.

“Musalire, misozi ikugwedezani. Wamanzere tsopano.”

Abale, yesani tsiku lina kuyenda chammbuyo ndi mtolo pamutu, osayang'ana pansi, munthu wina ndiye akhale maso anu. Ine munthu wosamva zonena anthu, amene ngakhale mwamuna wanga sindinamumvere, tsikulo ndimamva mawu aliwonse a munthu amene nkhope yake ndinali ndisanaione. Akati kumanzere, kumanzere. Akati imani, ndimaima mwendo uli m'mwamba. Ine ndikabwerera phazi limodzi, iwonso amabwerera limodzi. Khosi linafika poti silikumvanso kuwawa, manja anachita dzanzi. Ndimayamba Atate wathu wakumwamba, kufika pakati ndaiwala, kuyambiranso.

Kenaka a Zuze anakhala chete. Ndinati, “Bambo?” Zii. Ndinati, “Bambo, lankhulani!”

Anati, “Mayi, apa phazi lanu sindikuliona. Pali masamba ndi timiyala. Ine ndadumphapo ndi ndodo, koma inu simungadumphe ndi katunduyo.”

Pamenepo mphamvu zinandithera. Ndinamva mawondo akupinda okha. Ndinati, Ambuye, ndatopa, ngati ndikugwa ndigwere m'manja mwanu. Sindinapemphe wailesi, sindinapemphe Natale, ndinati, Ambuye, ndisonyezeni poponda, pamodzi pokha. Ndipo ndinakumbukira. Ndinafuula, “Bambo, ndinaterereka pa bango! Yang'anani bango lophwanyika!”

Kenaka anati, “Ndaliona. Lili chakumanja, patali pang'ono. Tambasulani mwendo. Tambasulanibe. Musaope, tambasulani.”

Ndinatambasula mpaka ndinamva ngati chiuno chithyoka. Zala zinagunda chinthu choterera. Sindinadziwe ngati ndi bango kapena ndi imfa. Anati, “Pondani.” Ndinatsinzina, ndinaponda. Linali bango, abale! Linali bango! Nenani Aleluya!

Kuchokera pamenepo mapazi anayambanso kuoneka. Tinabwerera, tinabwerera, mpaka ndinamva akuti, “Basi, mwatuluka. Gwadani ndikutuleni.” Ndinagwada pa chulu paja, anakoka mtolo ndi dzanja limodzi, unagwera pa udzu. Ndipamene ndinatembenuka n'kuwaona koyamba: munthu wamng'ono thupi, malaya atanyowa ngati agwera m'madzi, milomo ikunjenjemera. Nawonso amaopa, abale, amangobisa kuti ine ndisagwe.

Ndinawagwira phazi lawo ndikulira. Ndinati, “Bambo, tengani wailesiyi, ndi yanu.” Anati, “Ndikaitani ine? Mapilya ndiwapeza kuti? Ndithandizeni kudzutsa chikwangwanichi.” Tinachidzutsa, tinachitsamiritsa ndi miyala. Ndiye ndinawafunsa, “Munadziwa bwanji kuti muli mabomba ambiri chonchi?” Analoza ndi ndodo mtengo wa mango wachiwiri, pafupi penipeni ndi pamene ndinaima. Anati, “Chaka chimene tinabwerera, nanenso ndinaona mango amenewa. Mwendo wanga unatsala pansi pa mtengo uwo.”

Abusa, munthu ameneyo amadziwa chimene chili m'nthaka imeneyo kuposa aliyense. Amadziwa mmene chimamvekera, amadziwa mmene chimawawira. Ndipo analowanso. Si m'bale wanga, sapemphera nafe kuno, iwo ndi a Katolika, dzina langa sankalidziwa n'komwe. Analowa ndi mwendo wawo umodzi kuti ine ndituluke ndi iwiri. Ine ndikuti Mulungu ndiye anawadzutsa kumunda kuja, Mulungu ndiye anagwetsa mvula m'mawa umenewo, Mulungu ndiye anagwira mawondo anga pamene amapinda.

Ndikukupemphani, njira ya kubwinja musayende, ngakhale munabadwira komweko. Kauzeni ana anu, kauzeni amene sanabwere lero. Ndipo mukamapemphera muziwatchula a Zuze.

Zikomo Yesu. Zikomo Yesu. Zikomo Atate. Abale, ine ndekha sindingathe kuthokoza mokwanira, ndithandizeni. Imirirani nonse, imirirani! Yang'anani mapazi angawa, onse awiri alipo, ndabwera nawo ndekha kutchalitchi. Amayi a kwaya yambitsani nyimbo, wang'oma usanyengerere. Pondani pansi pamodzi ndi ine, pondani mwamphamvu, muno mulibe choopa. Aleluya! Ameni.