Malemu Stafford Waziri ndi Kambuku Wawo

Abale amene mwafika pamanda pano, ndi inu akumudzi amene mukumvera pa foni, nayi mbiri ya amene tikuwaika lero.

Malemu bambo Stafford Waziri anabadwa mu 1974 kwa Nsanama m'boma la Machinga. Anayamba sukulu mu 1981 ndipo anafika Fomu 2. Kuti afike pamenepo, mkulu wawo, a Grayson, amene alemba mbiri ino, analekezera Sitandade 4 n'kukalowa ntchito ku esiteti ya fodya. Malemu sankakonda kuzitchula zimenezi, tsono zatchulidwa lero.

Mu 1999 anamanga ukwati woyera ndi mayi Felister ku Katolika. Anali munthu wa kwaya, ndipo ngakhale kuno ku Doha sankajomba Misa Lachisanu, tsiku lopuma kuno.

Woyamba kufika ku Qatar anali a Grayson, mu 2012, kudzatsuka makola kumalo osungirako nyama. Mu 2014 anaitanitsa mng'ono wawoyo, amene analembedwa udalaivala panyumba ina ku Fereej Al Murra. Ana a mimba imodzi, wina m'galimoto yozizira, wina padzuwa ndi fosholo ya ndowe.

Patapita chaka malemu anagula kamera yakale kwa mnzawo wa ku Philippines. Lachisanu lililonse akatuluka m'tchalitchi ankapita kumene kumagwira ntchito mkulu wawo. Anthu ankati taonani chikondi cha pachibale. Koma moni unali wa m'njira, maso ali kukhola la akambuku a mizere aja ochokera ku India. Anajambula mano, michira, ngakhale kuyasamula. A Grayson ankaima pambali ndi tsache, nthawi zina atavala malaya atsopano, kudikira kuti mwina kamera itembenukira kwa iwo. Kupempha sakanapempha. Wamkulu sapempha mng'ono wake kuti amuyang'ane.

Zithunzi za zaka zoyamba zinali zoipa, zimenezo tisabise pamaliro. Nyama inkagona kumthunzi, n'kumaoneka ngati thumba la chimanga. A Grayson ndiwo anawauza chinsinsi: simenti ya kutsogolo ikathiridwa madzi cha m'ma naini m'mawa, kambuku wamkazi akamutsegulira amabwera kudzagona ponyowapo, pafupi ndi waya. Kuyambira pamenepo a Grayson ankathira madzi Lachisanu lililonse, ngakhale tsiku lomwe sinali ntchito yawo.

Mu 2019 malemu anajambula chithunzi chimene nonse mumachidziwa, kambuku atayang'ana m'kamera, madzi akudontha kundevu. Chinapambana pa mpikisano wa antchito. Pamene ankachijambula, a Grayson anali kuseri kwa waya wa kumbuyo, payipi ili m'manja. Pa chithunzi chopachikidwa kukhoma iwo palibepo. A Grayson atafunsa, malemu anaseka n'kuyankha kuti achimwene, ojambula amadula m'mbali kuti nyama ioneke bwino.

Lamulo litasintha mu 2020, kuti wantchito atha kuchoka popanda kalata ya bwana, hotela ina inawatenga malemu kuti azijambula alendo ndi maukwati. A Grayson nawonso anayesa malo atatu. Palibe anafuna nkhalamba ya tsache.

Malemu anayamba kutsokomola pa 2 Epulo chaka chino cha 2021, ndipo anagonekedwa m'chipatala ndi matenda a korona. Kuzonda kunali koletsedwa. Uthenga womaliza anautumiza pa foni ya mkulu wawo, mawu akutha. Anapereka moni kwa mayi Felister ndi ana. Kenako anafunsa ngati kambuku uja akubwerabe ponyowa paja. Anatisiya pa 17 Epulo.

Achipatala atapereka katundu, ena mwa inu munayamba kufunsa za kamera thupi lisanazizire. Kamerayo ikupita kwa mwana wawo woyamba, musavutike. Koma isanapite, a Grayson anapempha mnzawo wa ku Nepal kuti awaonetse zonse zili m'menemo. Anakhala masiku atatu akuyang'ana chimodzichimodzi, kufunafuna nkhope yawo. Zithunzi ndi zoposa zikwi zinayi. Anadzipeza pa chimodzi chokha, chopambana chija chisanadulidwe: majombo awiri ndi payipi, kuchokera m'mawondo kutsika. Nkhope munalibe kuyambira pachiyambi pomwe. Kunkhopeko kunalibenso choti adule.

Dzulo linali Lachisanu. A Grayson anathira madzi nthawi yomwe ija, kambuku anabwera n'kugona. Funso la malemu layankhidwa.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Felister, ana atatu, Angella, Dumisani ndi Wongani, mdzukulu mmodzi, alongo awiri kwa Nsanama, ndi mkulu wawo mmodzi kuno ku Doha. Kambuku sitinamuwerengere, ngakhale eni ake akanayambira iyeyo.

Anali mng'ono wathu ndithu. Apumule mu mtendere.