Mfuti ya Amalume Xaver ndi Zenera la Vroni

Quirin anamaliza sukulu ku Munich Lachinayi, ndipo Lachisanu masana anali atafika kale kumudzi kwa amalume ake a Xaver, mtima wonse uli pa Vroni, mtsikana amene anavina naye kawiri chaka chatha. Ali mwana anaonapo munthu akuwomba mfuti m'bandakucha pansi pa zenera la mtsikana wina, mtsikanayo n'kutsegula zenera misozi ili mbwembwembwe, tsiku lomwelo ukwati n'kuchitika, ndiye iye anakula akukhulupirira kuti amuna enieni amafunsira mbeta chonchi.

Anapeza amalumewo, okonza mfuti zakale, akupukuta gogodera wa makolo awo, wa mbawala zozokotedwa pachigwiriro.

"Amalume, mundibwereke mfuti iyo."

"Nyengo yosaka nguluwe sinakwane."

"Sindikusaka nguluwe."

"Ya agwape nayonso sinakwane."

"Ndikufuna ndikawombe pansi pa zenera la Vroni. Mawa m'bandakucha."

A Xaver anakweza magalasi pamphumi. "Ndiye zayenda. Uli ndi mtima wabwino, mphwanga. Bwera kuno uphunzire."

"Ingondipatsani, ndikakoka basi."

"Ukakoka basi, ingolira khe. Mfuti ya zaka mazana awiri siidziwa kuthamanga. Choyamba onga wa m'nyanga iyi, muyezo umodzi. Kenako kansalu kamafuta. Kenako usindire ndi ndodo iyi. Ndodoyo uichotse. Malemu Sepp anaiwala kuichotsa, tinakaitsitsa padenga la tchalitchi."

"Ndamva."

"Sunamve, ukuyang'ana kunja. Mwala uwu umamangidwa apa, pakachikopa. Ukamenya chitsulo, moto umagwera pa onga wa m'kambale aka."

Quirin anali atatseka maso. "Vroni akatsegula zenera, andiona nditaima pakati pa maluwa."

"Aona utsi. Iwe akuona pakapita mphindi zitatu, ngati kuli mphepo. Ndipo maluwawo usapondepo, ndi a amayi ake."

"Alira, amalume."

"Onse amalira. Ena n'chifukwa cha utsiwo."

"Wastl nayenso amve," anatero Quirin akukunga chibakera. "Mwana wa wogulitsa nyama uja, wa khosi ngati soseji, amene amangozungulirazungulira pakhomo pa Vroni."

"Amva. Kwawo si kutali."

"Adziwe kuti wawomba ndine."

"Adziwa. Atuluka yekha kudzakupeza."

"Atuluke. Ndimudikira."

"Umudikire ndithu, ndiwo mwambo wake. Amabwera ndi mowa ndi masoseji oyera."

"Masoseji ake ine sindidya."

"Udya. Wowomba amapatsidwa awiri, kukana n'chipongwe."

Quirin anafufuza nkhope ya amalume ake kuti mwina apezapo nthabwala. Panalibe. A Xaver chibadwire sananenepo chinthu chosiyana ndi chimene akutanthauza.

"Wastl akandiona ndili ndi mfuti, nkhope imutumbuluka."

"Yatumbuluka kale. Sabata yonse sakudya, akuti jekete yatsopano ikumuthina."

"Jekete yanji?"

"Yamawa."

"Mawa kuli chiyani?"

A Xaver anayang'ana mfuti, anayang'ana nyanga ya onga, kenako mphwawo. "Chimene ukukawomberacho."

"Ine ndikukafunsira mbeta."

"Ndi mfuti?"

"Si mmene zimakhalira? Munthu amawomba, mtsikana amatsegula zenera, madzulo anthu akuvina."

"Amavina chifukwa wansembe walengeza kale za ukwatiwo masabata atatu. Mfuti imangodzutsa mkwatibwi kuti asachedwe kutchalitchi. Ndipo mkwati sawomba yekha. Amawomba ndi munthu womufunira zabwino."

Quirin anakhala pabokosi la zipolopolo. Anadzukanso. "Vroni amakonda ine."

"Unamuuza?"

"Ndinamulembera ndakatulo khumi ndi zinayi."

"Anayankha zotani?"

"Zili m'sutikesi."

"Mayankhowo?"

"Ndakatulozo."

A Xaver anavomera ndi mutu, ngati munthu amene wauzidwa pamene pasungidwa mafungulo. "Wastl sadziwa kulemba ndakatulo. Anangopita kukagogoda pakhomo."

"Munthu wogogoda pakhomo ngati wogulitsa mazira ndi mwamuna ameneyo?"

"Kuyambira mawa, inde."

"Sindiwomba. Sindingamudzutse ine ndi manja angawa kuti akakwatiwe ndi soseji."

"Wanena wekha kuti uwomba. Ndakuonetsa kale mwala."

"Ndabweza mawu."

"Onga ndayeza kale."

"Ubwezereni m'nyanga."

"Onga woyezedwa subwerera m'nyanga, umakoka chinyezi."

Quirin anamanga mabatani a jekete yake ya sukulu mpaka m'khosi, anakonza tsitsi pagalasi la kabati ya mfuti, n'kulunjika kuchitseko. "Ndikupita kwawo kwa Vroni pompano. Iye sakudziwa kuti ndabwera. Akangondiona, ukwati umenewu watha."

"Akudziwa kuti ukubwera," anatero a Xaver akupukuta ndodo yosindirira. "Anafika pano Lolemba kudzapempha mfutiyi. Ndinamufunsa kuti wowomba akhale ndani."

Quirin anaima, dzanja lili pachitseko. "Anatchula ine?"

"Iweyo."

"Mwaona, amalume? Mwa anyamata onse a m'mudzi muno. Anati chiyani? Munene mawu ake enieni, musachotsepo ngakhale limodzi."

A Xaver anatsitsa magalasi, anakumbukira bwinobwino, n'kumupatsa ndodo ija.

"Anati, 'Mudzapatse ka Quirin, kamwana kaja kamakonda zaphokoso.'"