Nsomba za Agogo a ku Montana

Pamzere wodikira matekisi a ku Montana, kudziko la eni, mayi wina atamva Chichewa cha bambo wa ovolosi amene anali patsogolo pake, anamuyang'ana manja.

"Achimwene, manjawa asupuka ndi chiyani?"

"Mankhwala otsukira m'bafa, achemwali. Agogo achizungu amene ndimawagwirira m'gadeni ali ndi kadamu ka nsomba pakhomo. Pulasitiki ya pansi inachita ndere, madzi n'kubiriwira, fungo ngati chithaphwi. Iwo atagonekedwa kuchipatala, ndinati akamatuluka adzapeze poyera. Ndinapala ndere zonse, kutsuka mpaka waliwali, n'kudzaza madzi a pampopi."

"Eish! Damu satsuka ngati mbale. Kandere kaja n'kamene kamasunga madzi, ndipo a pampopi amayamba agonera kaye."

"Akanandiuza ndani? Kwathu wodwala akamabwerera timasesa paliponse. Kutacha, nsomba zonse zinali mimba m'mwamba."

"Ndiye ntchito yatha?"

"Bola akanandichotsa. Agogowo saona, sakudziwa kanthu. Nsombazo anawasiyira ndi malemu amuna awo, iliyonse ndi dzina lake."

"Osangogula zina bwanji?"

"Mwana wawo wa ku Centurion wakana. Akuti nyumbayo aigulitsa posachedwa, ine nditseke pakamwa."

"Nanga akafuna kuzidyetsa mumatani?"

"Ndimawagwira dzanja mpaka padamupo. Amawaza chakudya, akuitana mayina aja limodzilimodzi. Ine ndimagwada pambali, n'kumavundula madzi ndi zalazi kuti amve ngati zikulimbirana."

"Mayo ine! Ndiye amakhulupirira?"

"Dzulo anachita kuseka. Akuti, 'Geofrey, wonjezera, lero ana anga ali ndi njala.'"