Alamu Anandikana Pamaso pa Loya

Omvera anzanga, mu 2013 ndinkamanga nyumba ya bwana wina ku Westville, ku Durban. Tsiku lina thabwa lomwe ndinapondapo linathyoka, ndinagwa n'kuvulala msana. Bwanayo anakana kuti sindine wantchito wake, poti sitinasainirane chilichonse.

Nditakadandaula kwa loya wina wa ku Greyville, ku Durban komweko, anati ndipeze mboni. Ndinatenga alamu anga, omwe tinkagwirira limodzi ntchitoyo ndipo anandinyamula ndi manja awo tsikulo.

Loya atawafunsa, alamuwo anayang'ana bwana uja, yemwe analinso pomwepo, n'kunena za ine kuti, "Awa sindinawaonepo pantchito."

"Alamu, inu?" ndinatero. Sanandicheukire n'komwe.

Mlandu unathera pomwepo. Lero alamuwo ndi akapitawo a bwanayo, ine ndikuyendera ndodo. Mchemwali wanga akuti ndingokhala chete, poti ana ake akudyera momwemo.