Mpopi Wodontha wa ku Chamboli

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ndine Tembo wa ku Chamboli, kwathu ndi ku Katete.

Imvi mukuzionazi zisakunamizeni. Ine mgodi unandilera ngati khanda. Babu likapsa, a kampani ankabwera kudzasintha. Mpopi ukadontha, a kampani. Mwana akabadwa, matewera ochokera ku kampani. Ngakhale kudzuka kumene, kunkandidzutsa ndi kulira kwa huta ya pamgodi.

Ndiye mgodi uja unagulitsidwa, ife n'kutichotsa ntchito. Mpopi wa pakhomo unayamba kudontha. Ndinapita kukanena ku ofesi ya nyumba monga mwa masiku onse, ndinapeza loko pachitseko. Ndinabwerera n'kukhala pakhonde, kudikira. Abale, ndinadikira. Madzi anadya maziko, khoma la kukhitchini linang'ambika, ine ndili phee, kudikira a kampani.

Mkazi wanga, amake Lusiya, ndiye ankatidyetsa ndi tomato wa pamsika. Tsiku lina anati, "Atate ake a Lusiya, njala ndingapirire, koma mwamuna wongodikira ayi." Anamanga katundu, ulendo wa ku Katete. Sindinawaletse. Panalibe wondiuza kuti ndiwaletse.

Abambo a kuparishi ananditumiza ku Mindolo, kwa mayi wina wolangiza anthu ochotsedwa ntchito. Ndinati, "Mayi, ndiuzeni chochita, ndichita." Iwo anati, "Sindikuuzani. Inu mukufuna chiyani?"

Ndinapsa mtima. Mlangizi wanji wosalangiza? Koma abale, funso lawolo kapitawo sanandifunsepo chilowereni mumgodi. Ndinalira pamaso pa munthu wa msinkhu wa mwana wanga.

Anandifotokozera kuti munthu saleka kukula akamera ndevu. Pali msinkhu wochita zimene wauzidwa, palinso msinkhu wosankha wekha, ndipo ambiri timafika pamenepo chimene tinkatsamira chitagwa. Ndinabwererako kangapo, funso lomwe lija. Kenako tsiku lina zinangotuluka: "Ndikufuna mkazi wanga."

Madzulo ake ndinadula chubu cha njinga n'kumanga mpopi uja. Ukudonthabe pang'ono, sindikunamizani. Ntchito ndilibe. Khoma likadali long'ambika. Ndipo sindikudziwa ngati amake Lusiya akandilandira, mantha ndili nawo.

Komabe ndikuthokoza Mulungu amene sanatope nane, khanda la imvi. Mundipempherere, abale ndi alongo. Loweruka ndikukwera basi ya ku Katete. Palibe wandituma.