Mzinda wa Mabatani wa Mayi Doreen

Aleluya, mpingo! Aleluyanso! Moni abusa, moni amayi ndi abambo, nonse amene mwalimbana ndi kuzizira kufika kuno ku Peckham. Ine ndine Esnala, kwathu ndi ku Balaka. Ndikamasokoneza mundikhululukire, chifukwa nkhaniyi ineyo mpaka lero sindinaimvetse.

Ndinabwera kuno pa viza ya keya. Ndinkagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Croydon. Kumeneko kunali Mayi Doreen. Anabadwira ku America, n'kukwatiwa kuno, ndipo pamene ndinkawadziwa mutu unali utayamba kuiwala. Dzina la mwana wawo ankaliiwala. Koma mzinda wa kwawo, ayi! Muscatine, m'mphepete mwa mtsinje wa Mississippi.

Tsiku lililonse ndikamawamanga mabatani a juzi, ankandigwira dzanja. "Awa ndi apulasitiki," ankatero, "si mabatani awa." Kenako nkhani ija. Akuti kwawo anthu ankavuula nkhono mumtsinje n'kumadula zigoba zake kukhala mabatani. Bambo awo ankadula, mayi awo ankasokerera mabataniwo pamakadi ogulitsira. Milu ya zigoba zobooka inali paliponse. Kenako nkhono zinachepa, pulasitiki inabwera, mafakitale n'kumatsekedwa. Anthu anakayamba zina, ena ku fakitale ya chimanga, ena yopanga mipando ya m'maofesi. Ine ndinkangoti, "Ehe, mama, ehe." Mumtima ndinkati, mabatani kuchokera m'madzi? Ndi matenda aja basi.

Abale, tsiku lina anatiitana tonse. Manijala anati kampani yalandidwa laisensi, nyumba ikutsekedwa. Kalata ya boma inabwera: pezani siponsa wina, kampani yokulembani ntchito n'kukuimirani pa viza, m'masabata ochepa, apo ayi bwererani kwanu. Ine ndinalakwa chiyani? Shifiti sindinajombepo. Ana anga awiri anali atangozolowera sukulu. Ndiwauza chiyani?

Mutu unaima. Unaima ndithu! Ndinkakwera tiramu osadziwa kumene ndikupita. Tsiku lina ndinangozindikira ndavala yunifolomu, ndaima pageti la nyumba yotsekedwa ija, ndikudikira kuti wina anditsegulire. Kupemphera ndinkapemphera, koma mawu ankathera pa "Ambuye". Ndinafunsira ntchito malo ambiri. Zii.

Ndiye foni inalira. Mzimayi, m'Chingelezi. "Ndine mwana wa Doreen, nambala yanu andipatsa ndi manijala wanu wakale. Amayi tinawasamutsira kunyumba ina ya okalamba ku Tottenham. Sakudya. Akungofunsa munthu wa mabatani. Kodi ndi inu?"

Ndinati, "Sindikudziwa. Mwina."

Ndinapita. Ndinalowa m'chipinda ndikumwetulira, ndikuganiza kuti andikumbatira. Anandiyang'ana n'kuti, "Ndiwe ndani?" Abale anga! Anali atandiiwala. Ngakhale nkhani yawo ija inali itawathawa. Anangogwira batani la juzi.

Chimene chinandigwira sindikuchidziwa. Ndinakhala pabedi n'kuyamba kuwauza ineyo. Ndinati, "Mama, kwanu kuli mtsinje waukulu. Bambo anu ankadula zigoba." Ine wa ku Balaka, kufotokoza mzinda umene sindinauonepo, umenenso ndinkaukayikira! Nditafika pa mafakitale ndinasokoneza, ndinati anapsa ndi moto. Anakweza chala. "Ayi! Pulasitiki." Ndinati, "Pepani mama, pulasitiki." Anaseka. Mwana wawo anabweretsa supuni ya supu pakamwa, iwo n'kutsegula. Anamaliza mbale yonse.

Mwana wawo, akupukuta misozi, anandiuza kuti zonse za mabatanizo ndi zoona. Manijala wa nyumbayo anali ataima pakhomo, akuonerera. Anandifunsa, "Mukugwira kuti?" Ndinati palibe, ndipo ndilibe siponsa. Anati, "Bwerani Lolemba ndi mapepala anu."

Mpingo, ndimvetse bwanji? Ndinasala kudya, ndinayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha, palibe chinatheka. Zinathekera pa nkhani ya munthu woiwala, imene ndinkangoimvera mwaulemu chabe. Chifukwa chiyani Mulungu anadzera kumeneko? Musandifunse. Sindikudziwa!

Mayi Doreen anatisiya mwezi wathawu. Mpaka tsiku lomaliza dzina langa sanalidziwe. Ine viza ndili nayo. Ndimagwira ntchito ku Tottenham masiku anayi pa sabata, ana ali pasukulu yawo yomwe ija. Okalamba akayamba kuyankhula, masiku ano ndimayamba ndakhala pansi.

Zikomo Yesu! Zikomo abusa pondipatsa mpata. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.