Miniti Imodzi ya Lusayo

Pa siteji ya basi ku Springburn, bambo wina wachikulire anayamba kucheza ndi mayi wonyamula ndodo ya hoke, masewera a pa ayezi.

"Mwana wanu amasewera?"

"Lusayo wanga. Timu yaikulu yamutenga chaka chino. Koma akochi ake nkhanza, bambo! Dzulo atangolowa, miniti isanathe, amutulutsa. Ndinawakalipira anthu akuona."

"Aa, mayi! Si mpira wamiyendo umenewu. Onse amatuluka choncho, kupuma pang'ono n'kulowanso. Mdzukulu wanga anatha zaka zitatu asanagoletse."

"Zitatu! Ine ndauza kale mpingo wonse kuti azimuonera pa kanema."

"Auzeni adikire. Chimanga sakolola tsiku lobzala."

"Nanga akochi aja?"

"Kumeneko kokha musadikire, mayi. Kapepeseni lero lomwe."